Zitenje zachita chuku, masingano achita dzimbiri: ndigule ndowa kapena kabati?

Funso: Zikomo aphunzitsi. Tinasamukira kuno ku Mzuzu chaka chatha kuchokera ku Lilongwe, abambo akunyumba atawasinthira kuno kuntchito. Tikuchita lendi nyumba ya zipinda ziwiri ku Chibavi. Ine ndimasoka zikwama ndi maepuloni a chitenje, ndimaluka timajuzi ndi tizipewa ta makanda, komanso ndimatunga mikanda. Katundu wanga ali m'makatoni kunsi kwa bedi, wina m'masaka kuseri kwa mipando pabalaza. Sabata yatha nditatsegula katoni ina ndinapeza zitenje zachita chuku, zikununkha, china mwa izo n'cha kasitomala. Masingano ndi sizasi zachita dzimbiri. Ku Lilongwe ndinkasunga chimodzimodzi koma zoterezi sizinkachitika. Abambo akudandaula kuti pabalaza pasanduka shopu, ndipo tili ndi mwana wa zaka ziwiri amene chilichonse akatola n'cha mkamwa. Mwezi uno ndi nthawi yanga yolandira chipereganyu. Kodi ndigule ndowa zapulasitiki za zivindikiro, kapena ndiuze kalipentala andikhomere kabati? (Mayi wa ku Chibavi)

Yankho: Mayi, ndalama za chipereganyuzo muyambe mwazigwira kaye. Ndowa zili ndi ntchito yake, ndipo tifika pamenepo, koma mukathiramo zitenje zili m'makatonizo momwe zililimo, pakutha mwezi mudzazipeza zitaipa kuposa lero. Kabati yotseka mbali zonse, yotsamira kukhoma, imachitanso zomwezo. Chimene ndikukulangizani ndi shelefu yotsegula ya matabwa ouma, ndi zotengera zochepa zotseka bwino zoikamo zitsulo, mikanda ndi wulu. Koma musanapite kwa kalipentala, mudziwe kaye kumene chinyontho chikulowera m'nyumba mwanumo.

Mwati ku Lilongwe munkasunga chimodzimodzi, ndipo ndikukhulupirira. Kumeneko mvula ikadula cha kumayambiriro kwa Epulo, dziko limauma mpaka Novembala, ndiye katoni imene inamwa chinyezi m'dzinja imapeza mpata woumanso yokha, mwini wake osadziwa n'komwe. Kuno mpata umenewo ndi waufupi. Mzuzu uli pamtunda wa mamita oposa 1,200, kumpoto kwa mapiri a Viphya, ndipo mphepo yochokera kunyanja, cha ku Nkhata Bay, imakwera ndi nthunzi n'kudzaitula kuno. Epulo, pamene anzathu a chigawo chapakati ayamba kuganiza zokolola, kuno ndi umodzi mwa miyezi ya mvula yambiri. Amene analipo mu Epulo 2016 akukumbukira nyumba zimene zinagwa m'madera angapo a mumzinda muno. Ikatha mvula imeneyo kumabwera mawawa ndi nkhungu za Juni ndi Julayi, usiku kuzizira mpaka kutsika pansi pa madigiri 10, malata n'kumadontha m'mamawa popanda mvula. Mwaona mchere ukulowa madzi m'botolo, machesi akukana kuyaka? Mpweya womwewo ndi umene zitenje zanu zikumwa. Chuku chimamera chinyezi cha mumpweya chikakhala pafupifupi 70 peresenti kapena kupitirira kwa masiku angapo motsatizana, makamaka pamalo amdima pamene mphepo sidutsa. Kunsi kwa bedi, pasimenti, m'katoni: zonse zimene chuku chimafuna zakumana pamodzi. Katoni ndi pepala, imamwa madzi n'kuwasunga, komanso ndi chakudya cha chiswe ndi pogona pa mphemvu.

Yesani nyumbayo usiku uno. Dulani pulasitiki yokhuthala, ngati ya thumba la shuga, kukula kwake ngati kope lotsegula. Imateni pasimenti kunsi kwa bedi ndi selotepi mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe, ina muimate pakhoma lakunja, lija mvula imawomba. Zisiyeni usana ndi usiku wathunthu, zikakhala masiku awiri ndiye bwino koposa. Pomatula yang'anani kumene kuli timadontho. Tikakhala kunsi kwa pulasitikiyo, kapena simenti yada pamalo pamenepo, madzi akuchokera m'nthaka. Nyumba zambiri za lendi zinamangidwa osayala pepala lapulasitiki pansi pa simenti, ndipo mbali zina za Chibavi zili pafupi ndi dambo. Zikatero palibe chanu chimene chiyenera kukhudza pansi, ndipo mukambe ndi eni nyumba za kukumba ngalande kuti madzi apadenga asamaime m'mbali mwa khoma. Timadontho tikakhala pamwamba pa pulasitiki, vuto ndi mpweya wa m'nyumba momwemo: nthunzi ya kubafa ndi kukhitchini, matewera oyanika m'nyumba, mpweya wa anthu ogona mawindo ali chitsekere. Limeneli mankhwala ake ndi aulere. Dzuwa likakwera, cha m'ma 10 koloko, tsegulani mawindo a mbali ziwiri zoyang'anizana kuti mphepo idutse, n'kutseka isanafike nthawi ya chisisira.

Kenako sankhani tsiku la dzuwa, mwana mumusiye kwa anansi, mutulutse zonse. Zonse ndithu, ngakhale katoni ija simunaitsegule chisamukireni. Yalani mphasa pakhonde muone chuma chanu ndi maso. Ambiri mwa amene ndawaphunzitsa utelala akafika apa amadabwa kupeza matepi anayi, mazipi amtundu umodzi ogulidwa kangapo, ndi ulusi wakuda wokwana chaka, zonsezo zogulidwa chifukwa zoyambazo sizinkaoneka. Amisiri a ntchito zamanja tili ndi matenda amodzi, osafuna kutaya kanthu. Kachidutswa kalikonse timati kadzagwira ntchito, tikalowa mumsika wa Taifa chitenje chilichonse chikutiitana. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pa zidutswa ikani lamulo ndipo musaliphwanye. Chidutswa choti n'kutulukamo thumba la chikwama kapena lamba wa epuloni chipindidwe pamodzi ndi nsalu. Chokula ngati chikhatho kapena kupitirira pang'ono chilowe m'thumba la zigamba, mudzalumikiza n'kupanga zikwama za mitundumitundu kapena zopondera pakhomo. Chochepera chikhatho n'chofutsira mapilo basi. Thumba la zofutsirazi likhale limodzi, likadzaza musatsegule lachiwiri: sokani pilo kapena perekani kwa ana oyandikana nawo apangire zidole. Lastiki amene mukamukoka sabwerera, guluu wouma, mazipi othothoka mano, zimenezo zipite kudzala.

Zachukuzo muzikuntha panja, mutamanga kansalu kumphuno, chifukwa fumbi lake limadzutsa chifuwa ndi mphumu. Ziviikeni kwa ola limodzi m'madzi othira viniga woyera, kapu imodzi m'beseni, kenako chapani ndi sopo n'kutsukuluza bwino. Yambani mwayesa pakona kuti muone ngati utoto ukusuluka. Jik ndi wa nsalu zoyera za thonje zokha, pachitenje amadya maluwa, ndipo musadzamusakanize ndi viniga ngakhale pang'ono: zimatulutsa mpweya wa chlorine umene umapweteka mapapo. Yanikani chitenje chotembenuza, pamalo odutsa mphepo, osachisiya padzuwa lamphamvu tsiku lonse. Chikauma kokani ndi manja awiri pamene panali chuku. Chikang'ambika mosavuta ndiye kuti ulusi wake unadyeka, musasokere munthu chimenecho. Madontho akuda ena sachoka ngakhale mutachapa motani. Za chitenje cha kasitomalacho, muuzeni zoona msanga ndipo mumugulire china asanachite kufunsa. Mzuzu ndi waung'ono, nkhani ya telala wobisa chilema imafika kumpingo Lamulungu lisanakwane.

Tsopano za ndowa. Kumudzi palibe amene amathira chimanga chosauma m'matumba aja otseka mpweya a PICS, chifukwa aliyense akudziwa kuti chiwola. Chotengera chotseka chimasunga zimene mwaikamo momwe zinalili polowa: zouma zikhala zouma, zachinyezi zikhala ndi chinyezi chake mpaka zivunde. Nsalu ya thonje imamwa nthunzi ya mumpweya ngakhale m'manja ikumveka youma. Mukaitsekera m'ndowa masana kukutentha, usiku ndowayo ikazizira nthunzi ija imasanduka madzi m'kati mwa chivindikiro n'kudonthera pansalu. N'chifukwa chake zitenje, nsalu zamkati mwa zikwama, ulusi wathonje ndi chilichonse cha mlaza kapena chikopa ziyenera kukhala pamene mpweya ukuyenda. Zitsulo, mikanda, mabatani, mazipi ndi wulu wa acrylic (wopangidwa ndi pulasitiki) ndizo zokhala motseka. Majumbo opyapyala aja musamangiremo nsalu, amachita thukuta m'kati, komanso paja boma linaletsa mapulasitiki opyapyala, osakwana ma micron 60 kukhuthala kwake, kuyambira 2015. Ngati mukufuna kuteteza nsalu ku fumbi, sokani matumba a nsalu ya bedi yakale. Ndinu telala, ntchito ya madzulo amodzi imeneyo.

Kwa kalipentala mupite ndi miyeso yanuyanu. Shelefu ikhale yotsegula kumbuyo, matabwa ake akhale ndi timipata pakati m'malo mwa thabwa limodzi logwirana, kuya kwake masentimita 30 mpaka 35 kuti chitenje chopinda chikwane popanda china kubisala kumbuyo. Thabwa lapansi likwere masentimita osachepera 20 kuchoka pasimenti, ndipo pakati pa shelefu ndi khoma patsale mpata wolowa dzanja. Ngati n'kotheka iime pakhoma lamkati, logawa zipinda, chifukwa makoma akunja ndi amene amazizira n'kugwira mame. Miyendo yake muikhazike pa timatayilosi tosweka kapena pulasitiki yokhuthala kuti isamwe madzi, ndipo muzisuzumira kawirikawiri ngati chiswe sichinayambe kumanga njira zake zadothi.

Nkhani yaikulu ndi matabwawo. Kuno paini ndi wosavuta kupeza chifukwa cha nkhalango ya Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, imene inadzalidwa poyembekezera fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe. Koma matabwa ambiri amafika pamsika ali aawisi. Thabwa laliwisi limalemera, limazizira mukaligwira, limachita mawanga obiriwira motuwa, ndipo likamauma m'nyumba mwanu limapindika n'kutulutsa utomoni umene ukagwira nsalu suchoka. Nyamulani matabwa awiri ofanana kukula, lopepukalo ndilo louma. Uzani kalipentala apale bwino ndi sandipepa kuti pasakhale zokola ulusi, apake vanishi mbali zonse ndi kunsi komwe, ndipo muisiye panja pakhonde mpaka fungo lithe. Makabati okongola aja a matabwa a utuchi wopanikiza amaoneka bwino m'sitolo, koma akamwa chinyontho amafufuma n'kuyamba kunyenyeka kuyambira kumiyendo. Wina akadzakuuzani kuti ali ndi mkungudza wa ku Mulanje wothamangitsa tizilombo, mukane. Fungo lake limathamangitsadi, koma mtengo wa fuko lathu umenewu watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo wogula ndi amene amatuma wodula.

Ndi mwana wa zaka ziwiri, shelefu ndi makwerero. Pemphani eni nyumba akuloleni kukhoma misomali iwiri kumtunda kuti muimangirire kukhoma, thabwa laling'ono lili pakati posunga mpata uja. Zolemera zikhale pansi.

Zitenje muzizipinda mofanana n'kuziimika chammbali, mphepete mwa chilichonse mukuoneka, kuti mukafuna chimodzi musagwetse mulu wonse. Zounjika mulu zimapanikizana, zapansi sizipuma ndipo zimaiwalika. Mukasita ndi nsimbi mutawaza madzi, musapinde nthawi yomweyo, yanikani pampando chizizire ndi kuuma kaye. Apa ndi pamene atelala ambiri amalowetsera chinyezi m'katundu ndi manja awo. Nsalu za makasitomala zikhale ndi thabwa lakelake, pamwamba, pouma koposa. Iliyonse m'thumba lake lansalu, pamodzi ndi zipi, ulusi ndi mabatani ake, ndi kapepala ka dzina, miyeso, ndalama imene walipira ndi tsiku lodzatenga. Kapepalako mukasokerere ndi ulusi, osati pini, pini imasiya dzimbiri. Ndipo shelefu italikirane ndi khitchini. Nsalu imakoka fungo, munthu safuna chikwama chatsopano chonunkhira usipa wa dzulo.

Wulu ndiye woyamba kulowa m'ndowa zanu zija, koma dziwani kaye kuti ndi wamtundu wanji. Dulani kachidutswa, kagwireni ndi sizasi, kayatseni ndi machesi panja. Kakasungunuka n'kusiya kampira kakuda kolimba, fungo la pulasitiki, ameneyo ndi acrylic, ndipo wulu wambiri wa m'masitolo athu ndi wotero. Kakanunkha ngati tsitsi lopsa n'kusiya phulusa lofumbutuka mukalifinya, ndi ubweya weniweni wa nkhosa. Kakayaka ngati pepala ndi thonje. Acrylic samwa madzi kwenikweni ndipo njenjete sizimudya, adani ake ndi fumbi, utsi ndi makoswe amene amakonda kuswera m'menemo, ndiye ndowa ya malita 20 ya chivindikiro cholimba ikumuyenera. Mukapeza yoonekera m'kati ndi bwino, apo ayi matani kachidutswa ka mtundu uliwonse kunja kwa ndowa. Mpira wa wulu umene mukulukira muuike m'botolo la Sobo lodula pakati, ulusi utulukire kukamwa kwa botolo, kuti usamagubuduzike pansi.

Ubweya weniweni umapezeka kwambiri ndi amene amamasula majuzi a pakaunjika, ndipo imeneyo ndi nzeru yabwino, wulu wake umafunda kuposa wa m'sitolo. Koma umabwera ndi mazira a njenjete, ndipo chimene chimadya ubweya ndi mphutsi zake, osati kagulugufe mumakaona kakuuluka kaja. Chapani juziyo musanaimasule, iume, kenako muimange m'thumba lakuda lapulasitiki n'kuliika padzuwa la masana, pamalata kapena pasimenti yotentha. Kutentha kopitirira madigiri 50 kwa theka la ola kumapha mphutsi ndi mazira omwe. Dzuwa la Okutobala limatha kufikitsa pamenepo, la Juni ayi. M'miyezi yozizira, amene ali ndi firiji yoziziritsa mpaka kuumitsa aikemo kwa sabata yathunthu.

Timipira toyera tonunkha tija amagulitsa tothamangitsa njenjete, ta naphthalene, m'nyumba mwanu tisalowe. Timaoneka ngati maswiti ndipo mwana wanu akatipeza atidya. Chinanso, inu mumalukira makanda. Mankhwalawa amakhalira m'zovala, amalowa kudzera m'mpweya ndi pakhungu, ndipo mwa ana amene anabadwa ndi vuto la m'magazi lotchedwa G6PD, lomwe ndi lofala mu Africa muno, amaswa maselo ofiira a magazi mpaka khanda kuchita chikasu. Makolo ambiri sadziwa n'komwe kuti mwana wawo ali nalo. Ukhondo, kutentha ndi chivindikiro cholimba ndi zokwanira.

Zitsulo zimafuna botolo lagalasi la chivindikiro chopotokola, monga la mayonesi kapena la jamu, lotsukidwa n'kuumitsidwa padzuwa. M'katimo ikani timapaketi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato ndi m'zikwama zatsopano, tolembedwa silica gel. Funsani ogulitsa nsapato mumsika, ambiri amangotitaya. Timayamwa chinyezi, ndipo tikakhuta mumatiumitsanso mu uvuni wa moto wochepa kwa ola limodzi kapena awiri. Anthu ena amaika mpunga, koma mphamvu yake ndi yochepa ndipo umaitana anankafumbwe. Masingano asiyeni m'timapepala tawo mpaka tsiku lowagwiritsa ntchito. Kapilo kobayapo mapini n'kogwiritsa ntchito masana okha, chifukwa usiku zofutsira zake zimamwa chinyezi, ndiye poweruka mapiniwo abwerere m'botolo. Musagoneke mapini pansalu yodula kale. Dzimbiri likadetsa nsalu, finyirani ndimu, thirani mchere, ikani padzuwa pang'ono n'kutsuka. Jik pa dzimbiri amangolilimbitsa.

Singano ya makina imene yachita dzimbiri musalimbane nayo, imakoka ulusi wa nsalu n'kudumpha posoka. Iponyeni m'kachitini kobowola pachivindikiro, kakadzaza mukakwirire. Sizasi ndiyo yopulumutsa: ipaleni ndi sitiliwulu wonyowetsa ndi mafuta a makina, pukutani, donthezani dontho limodzi pa sikuluwu yake. Pachigwiriro mangani kansalu kofiira kuti aliyense m'nyumbamo adziwe kuti imeneyi sidula mapepala, tsitsi kapena paketi ya sopo. Ipachikeni pamsomali umene mwana sangafikire ngakhale atakwera pampando.

Makina, kaya ndi Singer kaya Butterfly, amafuna mafuta akeake oyera aja. Mafuta ophikira amauma n'kusanduka phula m'kati, makina n'kuyamba kulemera. Sabata iliyonse chotsani bobini, sesani thonje launjikana pansi pa mano ndi kabulashi, chifukwa thonje limenelo limasunga chinyezi pachitsulo penipeni. Vindikirani ndi nsalu, osati pulasitiki. Poweruka ikani kachidutswa pansi pa phazi la makina, tsitsani singano, ndipo vulani lamba pagudumu. Mwana akapalasa chopondera lamba ali pomwepo, singano imayenda, ndipo zala zake zili pafupi.

Mikanda ndi imene ikundidetsa nkhawa kwambiri pa zonse mwatchulazi. Mwana wosakwana zaka zitatu amameza, amatsamwa, amalowetsa m'mphuno ndi m'khutu. Mtundu uliwonse ukhale m'kabotolo kake koonekera. Kalipentala yemwe uja akhomere zivindikiro za timabotoloto kunsi kwa thabwa lapamwamba, misomali iwiri pa chivindikiro chilichonse kuti chisamazungulire, ndiye botolo mumangolipotokola n'kutsala lili lende. Simutaya malo, mitundu yonse ikuoneka, ndipo mwana sangafikire. Potunga, yalani thaulo m'thireyi kuti mikanda isadumphe, ndipo tungani mwana akagona. Mukamaliza sesani, kenako yendetsani pansi maginito a sipika ya wailesi yakufa, mudzadabwa mapini amene tsache linawasiya. Mkanda ukalowa m'mphuno musautokose ndi kamtengo ka machesi, mumangoukankhira m'kati. Pitani naye kuchipatala chapafupi kapena ku Mzuzu Central. Ndipo ngati mumatunganso timbewu tam'tchire tofiira ta kadontho kakuda tija, tisiyeni. Tili ndi poizoni wotchedwa abrin, kambewu kamodzi kobowola kapena kotafuna kangathe kupha mwana.

Guluu wa supa amauma akakumana ndi chinyezi, n'chifukwa chake kuno kachubu kotsegula sikakhalitsa. Gulani ting'onoting'ono, kotsalako kalowe m'botolo la silica. Asadonthere pa thonje kapena pansalu yathonje, amatentha mpaka kuwotcha chala. Guluu wonunkha womatira zikwama ndi nsapato, thina ndi palafini zimayaka msanga, zikhale kutali ndi mbaula ndi kandulo, m'bokosi lokiya, ndipo zisathiridwe m'botolo la zakumwa. Ana ambiri amene amamwa palafini amakhala atamupeza m'botolo la Fanta kapena Sobo. Zikachitika musamusanzitse, thamangani naye kuchipatala. Mu Julayi mudzafuna kulowetsa mbaula kuti iumitse nsalu. Musatero: utsi ulowa m'katundu, nsalu ili pafupi ndi moto, ndipo mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha anthu ali m'tulo.

Za abambo, ine ndikuti ali ndi mfundo, ngakhale ntchito yanuyi ikubweretsa ndalama pakhomo. Munthu akaweruka amafuna pokhala posayamba wasuntha masaka, ndipo alendo akabwera inunso mumachita manyazi. Koma yankho si kubwezera katundu kunsi kwa bedi. Khalani pansi mugwirizane malire: kona imodzi ya pabalaza, pafupi ndi windo kuti muziona posoka, ndi yanu, ndipo kwina konseko ntchito sifika. Shelefu iime poti dzuwa la pawindolo silimenya nsalu, chifukwa limasulutsa utoto m'mphepete mopinda n'kusiya mizere. Kutsogolo kwake pachikani katani yopepuka ya chitenje pa waya, yosafika pansi, imabisa katundu koma mpweya umadutsa. Ntchito imene ili m'manja lero ikhale m'dengu limodzi. Nthawi yophika nsima yamadzulo ikakwana, zonse zibwerere m'dengumo, dengu pamwamba pa shelefu. Ntchito zoyambidwa zisapitirire zimene dengulo linganyamule. Pamathabwa apansi, pamene mwana amafikira, pakhale ndowa za wulu ndi thumba la zigamba, zinthu zoti ngakhale atazigwira sizimupweteka. Mumupatseko kathumba kake ka zidutswa zikuluzikulu, azisewera nazo pambali panu m'malo molimbana ndi zanu.

Gulani kope limodzi. Pa tsamba lililonse matani kachidutswa ka chitenje chimene muli nacho, lembani mamita atsala ndi mtengo umene munagulira, kumapeto kwa kope lembani mazipi, ulusi ndi wulu. Musanapite ku Taifa kapena kumsika waukulu, jambulani shelefu yanu ndi foni. Ndikudziwa chimene chimatikakamiza kugula zambiri nthawi imodzi. Chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amaopa kuti chimene wachisiya lero mawa achipeza chitakwera. Mantha amenewo ndi omveka, koma sankhani zounjika. Mabatani, mikanda, mazipi apulasitiki ndi wulu wa acrylic zimakhala zaka m'chotengera chotseka, zimenezo gulani zambiri ndalama ikapezeka. Lastiki amafooka, guluu amauma, mazipi achitsulo amachita dzimbiri, ndipo chitenje chogula mu Januwale choti mudzasoke mu Ogasiti chidutsa m'miyezi yonse yoipa chili m'manja mwanu. Nthawi yamvula gulani za maoda amene muli nawo basi, msika uli pafupi, wamalonda akusungireni.

Chipereganyu chanucho ndingachigawe motere: gawo lalikulu kwa kalipentala, ndowa ziwiri za wulu, loko wa bokosi la guluu ndi palafini, botolo la mafuta a makina ndi viniga. Mabotolo agalasi musagule, pemphani kwa anzanu a m'gulu lomwelo. Ngati kalipentala achedwa, njerwa zowotcha ndi matabwa awiri ouma zikweza katundu kuchoka pansi lero lomwe. Kuyambira Seputembala mpaka mvula yoyamba ndi nthawi yotulutsa zonse, kuyanika, kutsuka mashelefu ndi viniga ndi kuumitsa silica. Longedzani masana dzuwa lisanapendeke, nsalu zitazizira pang'ono pamthunzi, osati m'mamawa kapena madzulo. Mu Epulo ndi mu Julayi, kamodzi pa sabata, sololani chitenje chapakona yakumapeto, chinunkhizeni, ndipo pisani dzanja kuseri kwa shelefu mugwire khoma. Likakhala lonyowa, sunthani shelefu tsiku lomwelo.